Filimu Imene Inkasunga a Sajeni

Masana Mzime sankafuna wotchi. Akamva bambo ake aseka koyamba pabalaza, ankadziwa kuti m'filimu muja dalaivala wa galimoto yonyamula maliro watsegula bokosi n'kupezamo mitembo iwiri m'malo mwa umodzi. Pamenepo mpata wochapa zofunda unali ukadalipo. Kuseka kwachiwiri, kwa chikhakhali, kunkabwera dalaivalayo atataya mtembo wolakwika, n'kutsala ndi mtembo wachilendo uja m'bokosi pamene anamfedwa akudikira kumanda. Imeneyo inali nthawi yothamangira kugolosale. Koma bambo ake akamenya ntchafu n'kunena kuti, "Wapolisi yemweyu? Wa tiyi uja?" Mzime ankayenera kukhala atabwerako, ataima pakhomo, chifukwa filimu ikangotha a Sajeni ankadzuka kufuna kupita kuntchito.

Ntchitoyo anapuma kalekale. Moyo wawo wonse anali woyang'anira akaidi kundende ya m'tauni ina yakutali. Matenda oiwala atabwera anayamba kutola zinthu m'mutu mwawo ngati wakuba wosapupuluma: lero dzina la mdzukulu, mawa njira ya kuchimbudzi, mkuja imfa ya akazi awo. Koma ntchito anawasiyira. M'mawa uliwonse ankapolisha jombo zawo mpaka kuoneramo nkhope, ndipo dzuwa likafika pamutu ankamanga tayi n'kunena kuti achedwa. Tsiku lina anthu anawapeza kudepoti ya mabasi akufoletsa ogulitsa nthochi awiriawiri.

Kuwatsekera kunakanika. Mzime anayesapo kamodzi, popita kukagula mankhwala. Munthu amene watsekera anzake zaka zonsezo amadziwa kulira kwa loko, amadziwanso mbali ya chitseko imene iye amayenera kuima. A Sajeni anaswa galasi la zenera ndi chibakera, kuchipatala anawasoka dzanja, ndipo kwa masiku angapo sankalola kuti mwana wawoyo awayandikire. Kuyambira pamenepo chitseko cha nyumba imeneyo chinkangotsekedwa, osakiya.

Dzina lake lenileni linali pa laisensi yoyendetsera galimoto, koma aliyense ankamutchula kuti Mzime, poti anali womaliza mwa ana asanu. Asanabwerere kwa makolo ankayendetsa galimoto yoperekera buledi m'magolosale, ntchito yodzukira kusanayere, ndipo ankaikonda: msewu wopanda anthu, fungo la buledi wotentha kumbuyo, chigongono pazenera. Amayi atamwalira, abale ake anakhala pansi n'kugwirizana kuti wina akhale ndi bambo kwa miyezi yochepa. Mzime wamkazi wosakwatiwa safunsidwa pa nkhani zotere. Amangoona kuti onse akuyang'ana iye. Miyezi yochepayo inabala ana, anawo n'kubalanso.

Filimuyo anaipeza mwangozi. Anayesa za chikondi, a Sajeni anadzuka anthu asanagwirane n'komwe manja. Anayesa za nkhondo, analowa kunsi kwa tebulo. Makwaya ankawagonetsa kwa kanthawi, kenako n'kudzuka ali okwiya. Koma tsiku limene bokosi lija linatseguka, mitembo iwiri itapanikizana ngati anthu a m'minibasi, a Sajeni anasendera kutsogolo pampando, ndipo sanadzuke mpaka mayina a osewera atayamba kukwera. Mawa lake anaionera ngati yatsopano. Mkuja wake chimodzimodzi.

Nthawi ya filimuyo ndiyo yokha imene inali ya Mzime. Tsiku lonse lotsalalo ankakhala ngati mthunzi wa bambo ake, kuwauza kuti lero ndi ofu, kuwazungulitsa pabwalo kuti ayendere mpanda, kuwalanda sopo asanalume. Masiku ena, zochapa zikachepa, sankapita n'kugolosale komwe. Ankangoima pamphambano n'kumamvetsera magalimoto odutsa, akudziuza yekha kuti iyi ikufuna oyilo, iyo dalaivala wake akuzunza giya.

Amene anamuikira filimuyo pa fulashi anali Wamafilimu, bambo wa mimba yaikulu, wa kashopu kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Mzime anabwerera kwa iye tsiku lina fulashi itachapidwa m'thumba la buluku la a Sajeni.

"Yomwe ija, asisi? Zatsopano zadzaza kompyuta."

"Yomweyo."

"Tamverani. Mafilimu a mtundu umenewu, okupusitsa mpaka kumapeto, ali ngati kamtengo ka machesi. Kamayaka kamodzi. Ukangodziwa kuti wakupha ndi wapolisi, ubwererakonso kukatani? Makasitomala anga akaonera amabwera okha kudzati ndifufute."

"Kwathu kamtengo komweko kakuyaka chaka chachiwiri."

"Ndiye madala anuwo ndi kasitomala amene opanga mafilimu amamulota. Nanga inu simunatope nayo?"

"Ndikhoza kukulakatulirani yonse, ndi chifuwa cha namfedwa chomwe. Ndipo ndikuuzeni, ili ndi mabowo. Nthawi imene munthu uja akuphedwa, wapolisi anali pamaliro akugawa tiyi. Ndamuona ndi maso angawa kambirimbiri, kumbuyo kwa m'busa. Anapha bwanji?"

"Asisi, filimu siionedwa choncho. Mukuiyang'ana m'kamwa ngati mbuzi yogula."

Zinali zoona. Mzime ankaidziwa filimuyo monga mmene umadziwira munthu amene wagona naye wodi imodzi kuchipatala, mkonono wake ndi mabodza ake. Anaona kuti anthu ake onse ndi ochenjera, pakamwa pakuthwa, koma palibe amene akuoneka kuti anabadwa kwa mayi. Akufa palibe wowalira, amangowanyamula uku ndi uku ngati matumba a simenti. Namfedwa anamuikamo kuti anthu azimukayikira basi, ntchito yake ikatha amangozimiririka. Komabe ankailemekeza. Sinkapatsa munthu mpata wodzuka: vuto limodzi lisanathe, wina wagogoda kale pachitseko. Inkaseketsanso pa zinthu zimene munthu sangaseke kwina. Chimwalirireni amayi, bambo ake sanasekepo ndi china chilichonse, koma bokosi likamatsetsereka kutuluka m'galimoto pachitunda, dalaivala akulithamangitsa atagwira chipewa, ankaseka mpaka kupukuta misozi.

Fulashi ikudzaza, Wamafilimu anakanda mimba n'kufunsa, "Paja munkayendetsa galimoto?"

"Kale."

"Kusukulu ya mkaka kumene kuli mwana wanga, dalaivala wa basi wachoka. A Hedi akudziyendetsera okha, ndipo mmene akuyendetseramo ana azifika kunyumba atamera ndevu. M'mawa makolo amakawasiya okha, ntchito ndi yowabweza masana basi. Ulendo wake kutalika n'chimodzimodzi ndi filimu yanuyi."

Mawa lake, kuseka koyamba kutangomveka, Mzime anathamangira kusukuluko m'malo mochapa. A Hedi, mayi wamtali wa magalasi, anayang'ana laisensi, anayang'ananso mwini wake, n'kunena kuti abwere Lolemba adzayendetse iwo ali pambali. Za kunyumba sanafunse, ndipo Mzime sananene.

Madzulo amenewo anaimbira Achimwene, mkulu wa onse, amene ankakhala kunja ndipo pafoni ankaoneka nthawi zonse atavala jekete lozizirira.

"Ntchito ya chiyaninso? Ife sitikutumiza?"

"Mukutumiza. Koma ndikufuna ndizituluka, achimwene. Ngakhale pang'ono."

"Ndikumvetsa, Mzime, ndikumvetsa kwambiri. Kunoko anthu amakasiya makolo kunyumba zosungira okalamba, ukaona umagwidwa chisoni. Ife si chikhalidwe chathu chimenecho."

"Chikhalidwe chathucho ndi ineyo."

"Wati chiyani? Netiweki ikuvuta."

"Ndati mupereke moni kwa alamu."

Loweruka, akusita malaya oti adzavale Lolemba, anazindikira kuti kuseka kwachiwiri sikunamveke. Anasuzumira pabalaza. A Sajeni anali pampando, koma nkhope itakwinyika.

"Iwe, kodi ameneyu ndani?"

"Ndi wapolisi uja, Bambo. Anabweretsa tiyi poyamba paja."

"Tiyi wanji?"

"Wa pamaliro."

"Wamwalira ndani?"

Anazimitsa simbi n'kukhala nawo pambali mpaka kumapeto. Chinsinsi chitaululika, wapolisi akumwetulira mfuti ili m'manja, a Sajeni anangoyang'ana ngati akuonerera mvula pazenera. Apa ndi pamene Mzime anaona chilema chenicheni cha filimuyo, chimene Wamafilimu sanachitchule. Kuti ikupusitse, uyenera kunyamula bodza lake kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto osaligwetsa panjira. Munthu amene sakukumbukira kuti wapolisi anali wabwino sangadabwe kumva kuti ndi woipa. Kuiwala komwe kunkaisandutsa yatsopano tsiku ndi tsiku kunali kutayamba kuidya m'kati.

Lamulungu a Sajeni anaseka malo onse, ntchafu anamenyanso. Mzime anadziuza kuti Loweruka linali tsiku loipa chabe. Ankafuna kukhulupirira, ndipo anakhulupirira.

Lolemba anawadyetsa msanga, anawaperekeza kuchimbudzi, anawakhazika pampando wawo. Kenako anachita chimene anali asanachitepo: anatenga jombo zija n'kuzibisa pamwamba pa kabati. Ankaganiza kuti sajeni sangapite kuntchito wopanda jombo. Anayatsa filimu n'kutseka chitseko pang'onopang'ono, ndipo kuseka koyamba kunamupeza ali pageti.

Basiyo inali kaminibasi kachikasu, kilatchi yotha, giya yachiwiri yofuna kuinyengerera. Manja ake anakumbukira zonse iye asanaganize. Ana anadzaza kumbuyo ndi zikwama zazikulu kuposa eni ake, phokoso ngati mpheta. A Hedi anakhala kutsogolo atakumbatira chikwama chawo, phazi likuponda buleki yosaoneka. Atatsitsa ana angapo phazilo linaleka. Posakhalitsa a Hedi anayamba kumuuza za makolo ovuta ndi njira zachidule, monga mmene umauzira munthu amene abweranso mawa. Mzime anatsitsa galasi, mphepo n'kumuwomba m'khosi.

Anawaona bambo ake patsogolo pa malo omwetsera mafuta. Tayi yomangidwa bwino, msana wowongoka, akuyenda m'mphepete mwa phula ndi masokosi okha. Magalimoto ankawazemba akuliza mahutala.

"Taonani madala awa," anatero a Hedi. "Abale awo ali kuti? Anthu ena mitima yawo ndi miyala."

Mzime anachepetsa liwiro. Kuwadutsa sakanatha. Kunena zoona kunali kubweza makiyi pomwepo. Ndiye anachita zimene ankaona dalaivala wa maliro uja akuchita tsiku ndi tsiku, ananama nkhope ili gwa.

"Ndikuwadziwa. Amakhala kufupi ndi kwathu, mutu sukuyenda bwino. Tingawatengeko? Ndikawatsitsa tikamaliza."

A Hedi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Imani."

Mzime anatsika n'kuwayandikira. "A Sajeni, galimoto ya kuntchito yafika."

"Mwachedwa," anatero bambo ake, osamuzindikira n'komwe, ndipo kwa nthawi yoyamba iye anawathokoza matendawo.

Atakwera anayang'ana anawo mmodzimmodzi n'kupukusa mutu. "Ang'onoang'ono chonchi? Dziko laipa." Anakhala pampando wa pakhomo, anawawerenga ndi chala, n'kulamula kuti aliyense aike manja pamaondo. Ana anamvera akusekerera, poganiza kuti ndi masewera. A Hedi anabisa pakamwa ndi dzanja. M'basi munakhala bata loti aphunzitsi angalisirire, ndipo Mzime, akuba maso pagalasi loonera kumbuyo, anayamba kuganiza kuti mwina zitheka. Bodza likamayenda bwino limakoma. Pa chimenechi filimu ija sinaname.

Pageti lotsatira panaima mayi wina atafunda ambulera. Kamnyamata ka mano ogweluka kataona amake kanadumpha kulunjika pakhomo. Dzanja la a Sajeni linafika msanga kuposa maganizo awo. Anakagwira lamba wa kabudula kumbuyo, kugwira kwa ntchito, kopotokola, n'kukanyamula miyendo ikupalasa m'malere.

"Wothawa uyu. Dalaivala, usatsegule."

Mwana analira mokuwa, anzake n'kulandira. Mayi uja anaponya ambulera n'kuyamba kumenya chitseko ndi zikhatho. Mzime sanadziwe mmene anadutsira pakati pa mipando. Anangozindikira atagwada patsogolo pawo.

"Bambo, musiyeni. Ndi mwana. Tayang'anani kuno, ndine. Bambo."

Anawamasula zala chimodzichimodzi, monga ankachitira akakakamira supuni. Mwanayo sanavulale, koma amake ananena mawu ambiri, ena okhudza apolisi, ndipo a Hedi anatsika kukawapepesa kwa nthawi yaitali padzuwa.

Ana otsalawo anawatsitsa mwakachetechete. Atafika pageti la kwa Mzime, a Hedi anadikira kuti injini izime.

"Mumayendetsa bwino, mayi. Kuposa amene anachoka uja, kuposanso ine."

"Pepani, ndinakunamizani."

"Ndinadziwa mutangowakweza. Mphumi imeneyo ndi imodzi." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi. "Inenso ndinasungapo amayi anga, sindikukuweruzani. Koma awa ndi ana a eni ake. Tsiku lina mudzawaonanso pamsewu, mudzaimanso, ndipo mudzachita bwino kuima. N'chifukwa chake makiyiwa sindingakusiyireni."

"Ndikhoza kupeza wowayang'anira."

"Akanakhalapo, lero bwenzi ali kunyumba. Mukamupeza mudzabwere. Koma basi siidikira."

Mzime anazula makiyi n'kuwapereka ndi manja awiri. Anatsitsa bambo ake, ndipo awiriwo anaima pageti akuonerera kabasi kakuchoka modukizadukiza, a Hedi akulimbana ndi giya yachiwiri.

M'nyumba tivi inali itasanduka buluu, filimu itatha yokha popanda woiona. Makabati a kukhitchini anali otsegula, nsapato za m'nyumba monse zitamwazika pansi: a Sajeni anazifunafuna jombo zawo asananyamuke. M'filimu, apa ndi pamene foni ikanalira, kapena wina akanagogoda ndi nkhani yotembenuza zonse. Mzime anazindikira kuti akutchera khutu, ndipo anadzikwiyira. Ndicho chinanso chimene mafilimu amenewa amakuphunzitsa molakwa, kudikira kuti zinthu zitembenuke pomaliza. Kunja kunkangomveka wogulitsa matsache akudutsa.

Anatenthetsa madzi, anathira mchere m'beseni, n'kuyamba kuwavula masokosi amene anali atamatirira ku matuza. A Sajeni anaviika phazi limodzi, akumuyang'ana pamutu mwachidwi.

"Ndiwe unayendetsa galimoto ija?"

"Ndine."

"Dzanja lako ndi labwino. Sunatigwedeze." Anasuntha zala m'madzi. "Munthu waluso chonchi, unapalamula chiyani kuti ukhale muno?"

"Palibe, Bambo."

"Onse amatero." Sananene mwaukali. Anaweramira pafupi n'kutsitsa mawu, ngati akuopa kuti wina amva. "Anakupatsa zaka zingati?"

Mzime anafinya kansalu m'beseni. "Sanandiuze."

"Ndiye uli pa limandi." Anapukusa mutu. "Ogamulidwa savuta, amawerenga masiku awo. A limandi ndi amene ndimawamvera chisoni, amangokhala. Mawa ndikalankhula ndi akuluakulu, fayilo yako aifufuze. Usadandaule, mwanawe."

"Zikomo, Bambo. Kwezani phazi linalo."